Alamu anga andilanda mchere m'nyumba mwanga momwe

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga mayankho anu kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zina ndinkawaseka anthu okulemberani, ndikumati zinazi n'zofunsanso ngati? Lero wagwira njakata ndine. Mutu wanga waima, choncho ndikalemba zosokonekera mundikhululukire, ndi mmene zilili m'mutumu.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Ndimapikula mtedza kumidzi ya ku Kasenengwa n'kumagulitsa mumsika. Amuna anga, a Andireya, ndi telala, makina awo amakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika womwewo. Mwana wathu woyamba, Luka, ndi wamkulu ndithu, akugwira ntchito ku Katete ndipo akukamba zokwatira chaka chamawa.

Amuna angawa ndinawapeza ali kale ndi vuto la khungu. M'zigongono, m'mawondo, kumsana ndi m'mutu mumatuluka zigamba zokhakhala, zotuwa ngati adzola phulusa. Zimayabwa, zimayoyoka ngati gaga, ndipo akakanda kwambiri pamatuluka magazi. Nyengo yozizira zimakula, kukatentha zimachepako, koma kutha sizinathepo. Ali mwana anzawo kusukulu ankawatcha wakhate, ndipo mawu amenewo akuwapwetekabe mpaka lero. Poti munthu ndi telala, amadzisokera okha malaya a manja aatali, othina pamkono, mabatani awiriawiri. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo ndi malaya aatali ndi masokosi. Anansi athu amati ndi bambo wodzilemekeza. Wodziwa ndine, amene ndimakutumula zofunda m'mawa ndi kusesa m'chipinda. Sindinanyansidwe nazo, ndipo zaka zonsezi tikugona pamphasa imodzi ine sizinandiyambukire.

Tinazolowera, Aphungu. Koma chaka chatha kunayamba zina. Chala chawo cha mkombaphala chinatupa chonse, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ngati nthochi. Zikhadabo zinachita timaenje ngati wina wazibayabaya ndi singano, zina zikutukuka. Zidendene nazo zinayamba kuwawa. Akadzuka m'mawa amayenda ngati akuponda minga, thupi lonse gwa, mpaka dzuwa litakwera m'pamene amamasukako. Tangoganizani telala amene sangagwire sizasi, sangaponde makina. Mu Januwale, nthawi ya mayunifomu, pamene matelala onse sakweza mutu, iwo anabweza anthu ndi nsalu zawo.

Pali bambo wina amayenda ndi chikwama mumsika, amagulitsa mankhwala. Ameneyo anawapatsa timapilisi toyera, akuti ta mafupa, tili m'kapulasitiki kopanda dzina. Kunena zoona tinagwira ntchito. Chala chinaphwa, zigamba zinachita ngati zafufutidwa, munthu anabwerera pamakina akuimba nyimbo za kwaya. Koma akangoti asiye, zonse zimabwerera mwaukali kuposa kale, ndiye akumwabe mpaka pano, miyezi yambirimbiri. Kenako nkhope inayamba kudzaza, masaya kutupa, mimba kukula, mapazi kutupa madzulo. Ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi. Kukiliniki anawapeza ndi shuga ndi bipi. Tinayezetsanso magazi tonse awiri, kachilombo tilibe.

Ndiye pano khungu lili ndi mafuta ake ogula mumsika, mafupa ali ndi timapilisi ta bambo wa chikwama, shuga ndi bipi zili ndi mankhwala a kukiliniki. Pawindo la kuchipinda kwathu pali ngati famase. Mwezi uno diso lawo lakumanzere lafiira, likuwawa, ndipo safuna kuyang'ana kuwala. Iwo akuti ndi fumbi la ulusi, koma ulusi wake uti, poti chifookere anasiyanso kusoka, makina tinabwera nawo kunyumba, ali chivindikirire ndi chitenje? Munthu mmodzi, matenda onsewa akuchokera kuti?

Tsiku lina ndinawaperekeza kukiliniki. Nesi atawauza kuti apinde malaya awayeze bipi, iwo anati, "Yathina shati iyi, asisita, pimani chabe pamwamba." Mzere unali utafika panja, ndiye nesiyo anayeza pamwamba pomwepo. Atawafunsa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, anati palibe. Tili panjira ndinawafunsa kuti, "Bambo a Luka, bwanji simunawaonetse mikono?" Anandiyankha kuti, "Ine ndabwerera shuga. Khungu ndi langa, ndakula nalo. Manje likumana pati ndi shuga?" Nanenso sindikudziwa ngati zikukumana.

Tsono nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi iyi. Amuna anga ali ndi mlongo wawo wamkulu, a Dolika, mayi wamasiye, amalima thonje ndi chimanga ku Chiparamba. Anabwera kudzazonda matenda, atanyamula nkhuku ndi ufa. Atangoona masaya ndi mapazi a mlongo wawo anakhala pansi, dzanja pakamwa. Tsiku lomwelo anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati, "Mlamu, ine sindine mwana. Masaya kutupa, mapazi kutupa, munthu kufooka, uwu ndi mdulo. Kamba chabe zoona. Kumene upita kogula nshawa kuja, ugona kwa ndani?"

Mukudziwa, Aphungu, zimene akuluakulu amanena, kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, amamudula mwamuna wake. Ine ndinakulira pamishoni, bambo anga anali kalaliki, mayi anga mphunzitsi, ndipo kwathu za mcherezi zinali zongomva. N'zoona kuti galimoto ikasowa ndimagona kumudziko, kwa mayi wina wachikulire wa mpingo wathu. Mulungu ndi mboni, chikwatiwire sindinadziwepo mwamuna wina. Koma bizinesi ya mtedzayi ndinaiyamba chaka chomwe chala chija chinatupa, ndipo a Dolika agwira pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo sanabwerere kwawo. Mchere wonse anautenga, amausunga m'chitini m'chikwama chawo. Ine ndimaphika, ndiwo zikatsala pang'ono kupsa ndimawaitana kuti adzathire, poti iwo ndi aakulu, alibe mwamuna, akuti ndi ozizira. M'nyumba mwanga momwe ndimaima pambali ndi chipande m'manja ngati mlendo. Ana aang'ono awiriwa akuona, ndipo wamkaziyo wandifunsa kale kuti ndinalakwa chiyani. Chinanso, dzanja la alamu angawa ndi lolemera. Kukiliniki anati mchere uchepe, iwo amathira wodzaza chikhatho, akuti mchere wa dzanja loyera ndi mankhwala. Ulendo wathawu bipi inapezeka yakwera, ndipo a Dolika anangoti, "Waona? Chikalibe kuchoka m'thupi, chifukwa mwine wake sanaulule."

Ndikanatha kuwada, mwina mtima ukanapepuka. Koma tsiku lina tikutongola mtedza pakhonde anandiuza nkhani imene amuna anga sanandiuzepo. Anati, "Ine izi ndinaziona kale. Atate athu anali ndi khungu lomweli. Zala zinapindika mpaka khasu linawakanika. Tsiku lina anagwa m'munda wa thonje atagwira pachifuwa, basi kunali kutha. Akuluakulu anakamba kuti amama ndiwo anawadula. Maliro atatha anawapitikitsa, poti anali pachitengwa, ife tinatsala ndi alongo awo a atate. Ine ndinali kamtsikana, Andireya akali kuphunzira kuyenda. Mlamu, sindifuna kuika mlongo wanga monga ndinaikira atate." Analira, nanenso ndinalira. Apongozi anga aakaziwo akuti anamwalirira kwawo, ana awo osawaonanso.

Pano ankhoswe agwirizana kuti tikakumane ku Chiparamba anthu akangomaliza kutola thonje. Andipatsa njira ziwiri. Ndiulule, timwe mankhwala a sing'anga ine ndi amuna anga, nkhani ithere pompo. Ndikakana, ndibwerere kwathu kuti munthu wawo achire. Amalume anga, amene ndi nkhoswe yanga, akuti, "Ingovomera mwana wanga, mawu sapha, bola banja lipulumuke." Mnzanga wa mumsika akuti ndiwalongedzere a Dolika chikwama chawo ndiwakweze basi. Aliyense akamayankhula ndimaona ngati akunena zoona, akachoka ndimatsala ndili kakasi.

Amuna anga sanena kuti ndine wolakwa, sanenanso kuti ndine wosalakwa. Amangokhala pampando kuyang'ana makina aja. Ndinawafunsa maso ndi maso kuti, "Inuyo mukukhulupirira kuti ndakudulani?" Anati, "Sindidziwa, amake Luka. Thupi langa lomweli sindilimvetsa." Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta kumsana anati, "Ndikanangopita ine, nonse mukanapumula." Mawu amenewo sakundichoka m'makutu.

Chomaliza, Luka anabwera kudzaona bambo ake sabata yatha. Atawerama kusamba m'manja ndinaona kachigamba kotuwa kuseri kwa khutu lake, kena pachigongono. Iye akuti ndi mfundu chabe. Sindinauze munthu. Kodi nayenso ndamudula? Apa ndiye nzeru zanga zathera.

Ndiuzeni, Aphungu. Kodi matenda a pakhungu angalowe m'mafupa, m'maso, mpaka kubweretsa shuga? Kapena alamu anga akunena zoona, pali chimene ndinalakwitsa osadziwa? Ndivomere mlandu umene sindinapalamule kuti ndisunge banja langa? Amuna angawa ndimawakonda ndi zigamba zawo zomwezo, ndipo ndikuopa kuwataya, kaya ndi imfa kaya ndi bwalo la ankhoswe.

T.M.
Kapata, Chipata

Mayi T.M.,

Pukutani misozi, mumve bwino. Simunadule munthu. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndaona kuti mwayamba kudzikayikira nokha, ndipo munthu akafika pamenepo amavomera chilichonse.

Ine sindine dokotala, ndipo ngakhale dokotala sangayeze wodwala kudzera m'nyuzipepala. Koma kalata yanu ndinawerengera mnzanga wina wachipatala, ndipo ndisanafike n'komwe pa zikhadabo anandidula mawu n'kufunsa ngati zili ndi timaenje. Zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi matenda amene madokotala amawatcha soriyasisi. Si khate. Sapatsirana, n'chifukwa chake inu mwagona nawo pamphasa imodzi zaka zonsezi khungu lanu lili see. Sabwera ndi uve, sabwera ndi chigololo. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimalusa n'kumalimbana ndi thupi lomwelo. Zili ngati chiswe m'nyumba, chimene mumaona ndi kanjira ka dothi pakhoma, koma ntchito yaikulu ili m'kati mwa phaso.

Ndiye funso la amuna anu lakuti khungu likumana pati ndi shuga, yankho lake n'lakuti zimakumana m'thupi lawo lomwelo. Mwa anthu odwala matendawa, ena, osati onse, amadwalanso nyamakazi ya mtundu wake. Chala chotupa chonse, zidendene zowawa, thupi louma m'mawa n'kumamasuka dzuwa litakwera, ndi zizindikiro zake zenizeni. Anthu amenewa amapezekanso kawirikawiri ndi shuga, bipi ndi matenda a mtima kuposa anzawo. Ena diso limatupa m'kati, ndipo ambiri amagwa mphwayi ndi moyo, chifukwa kubisa thupi lako tsiku ndi tsiku n'katundu wolemera. Matendawa amayendanso m'magazi a banja. Sungani mawu amenewa, ndibwereranso pamenepo.

Tsono masaya aja. Timapilisi tochotsa ululu ndi zigamba msanga chonchija, koma ukasiya zonse n'kubwerera mwaukali, nthawi zambiri timakhala ta gulu la masiteroidi. Munthu akamwa amenewo miyezi yambiri popanda dokotala, nkhope imadzaza, mimba imakula, mapazi amatupa, shuga ndi bipi zimakwera. Mukuona? Zizindikiro zimene alamu anu akuwerenga kuti ndi mdulo, n'kutheka kuti zinagulidwa mumsika, m'kapulasitiki kopanda dzina. Koma musathamangire kukataya m'chimbudzi. Munthu amene wamwa mapilisi otere nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kudwala mwakayakaya. Amasiyitsidwa pang'onopang'ono, ndipo wowasiyitsa ndi dokotala.

Chochita ndi ichi, ndipo musadikire thonje. Diso lofiira, lowawa, loopa kuwala silidikira ankhoswe. Apite kuchipatala chachikulu sabata ino, mawa ngati n'kotheka, chifukwa diso lotere likachedwa limatha kusiya kuona osabwereranso. Popita sesani pawindo paja, mafuta onse, mapilisi a kukiliniki, ndi ta bambo wa chikwama tomwe, muike m'jumbo imodzi mukakhuthule patebulo pa dokotala. Mapanga awiri avumbwitsa, inu mwabisala m'mapanga atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa okuthandizaniwo amene waona munthu yense.

Ntchito yovuta kwambiri ili pa mabatani awiri aja. Amuna anu akhala akupita kuchipatala ndi theka la thupi, theka lina n'kulisiya m'malaya. Nesi sangaone chimene chasokeredwa m'nsalu. Khalani nawo pansi muli awiri, muwauze mofatsa kuti amene ankawatcha wakhate anali ana asukulu osadziwa kanthu, ndipo kuti dokotala waona makungu ambiri kuposa nsalu zimene iwo asoka. Akafika m'chipinda avule malaya ndi masokosi, aonetse m'mutu, kumsana, zikhadabo ndi zidendene. Akachita manyazi, yankhulani ndinu. Adzakukwiyirani tsiku limodzi, zilibe kanthu. Pemphani kuti awaone ndi amene amadziwa za khungu ndi mafupa, ndiponso kuti ayeze impso ndi mtima, chifukwa mapazi otupa ali ndi zifukwa zambiri.

Sindikunamizani kuti matendawa amachiritsika n'kutheratu. Koma alipo mankhwala owagonetsa, ndipo nyamakaziyi ikagwiridwa msanga zala zimapulumuka. Chala chikapindika chapindika. Kwa telala, mwezi uliwonse umene mukukangana za mchere ukudya manja amene amakudyetsani.

Tibwere kwa a Dolika. Mnzanu wa mumsika akulakwitsa, musawakweze basi. Amene wakulandani mchereyo si mfiti ayi, ndi kamtsikana kaja kamene kanataya bambo ndi mayi pamaliro amodzi, ndipo mpaka lero kakunjenjemera. Atengeni kuchipatala. Auzeni kuti dokotala adzafuna kudziwa za matenda a m'banja, ndipo wodziwa za bambo awo ndi iwo okha. Zimenezo n'zoona. Akafotokoze okha za khungu lija, zala zopindika, ndi kugwa m'munda atagwira pachifuwa. Sitingadziwe chimene chinapha apongozi anu aamuna, papita zaka zambiri. Koma mnzanga wachipatala uja atamva ndime imeneyo anangopukusa mutu. Nkhani imene alamu anu akuiona ngati umboni wakuti akazi amadula amuna awo, kwa dokotala ndi chizindikiro chakuti matendawa anachokera kwa bambo kupita kwa mwana.

Konzekani, chifukwa tsiku limene adzamvetse zimenezi lidzawawawa kuposa mmene mukuganizira. Ngati bambo awo anadwala matenda a m'thupi mwawo, ndiye kuti mayi awo anathamangitsidwa osalakwa, ndipo iwo akhala moyo wawo wonse akukhulupirira bodza lonena za mayi wowabala. Tsiku limenelo musadzanene kuti ndinakuuzani. Mudzangokhala nawo pafupi monga munachitira potongola mtedza paja.

Za chitini cha mchere musalimbane nawo pakali pano. Ngati kuthira iwo kukuwapatsa mtendere, athire, koma muyezo auze nesi, iwo ali pomwepo akumva, ndipo athire ndi kasupuni, osati chikhatho. Bipi ya amuna anu sifunsa kuti wathira ndani, imamva kuchuluka kwake. Ine miyambo ya makolo sindiinyoza, ndikudziwa kuti ya mchereyi inkasunga mabanja kuti anthu aziopa kuyendayenda. Koma kutupa kwa nkhope ndi mapazi ndi chizindikiro cha matenda ambiri ochizika, ndipo taika anthu ochuluka m'manda abale ali kalikiliki kufufuza amene anathira mchere. Mwana wanu wamkazi uja muyankheni mosabisa kuti simunalakwe kanthu, bambo ake akudwala, ndipo azakhali ake ali ndi mantha.

Kwa ankhoswe tumizani uthenga waulemu kuti bwalo lidikire mpaka achipatala anene mawu awo. Mukadzapita, a Andireya adzayankhule okha, chifukwa banjali ndi lawo, si la alongo awo. Panopa akuti sadziwa, ndipo ndikumvetsa kuti zikukupwetekani. Munthu amene thupi lake lamutembenukira amakayikira chilichonse. Akadzamva dzina la matenda awo, ndikhulupirira lilime lidzamasuka.

Amalume anu ndi munthu wofuna mtendere, koma apa aphonya. Mawu amapha. Tiyerekeze mwavomera, mwamwa mankhwala a sing'anga. Matenda aja akadali m'thupi, timapilisi tija akumwabe, masaya sakuphwa. Adzati chiyani? Adzati simunaulule zonse, mutchule dzina lina. Mudzakhala mwataya mbiri yanu pamaso pa ana anu, banja osalipulumutsa. Komanso munthu wa shuga ndi bipi, amene impso zake sizinayezedwe, si womumwetsa mitsitsi yosadziwika.

Mawu a amuna anu aja akuti akanangopita musawatenge ngati kudandaula wamba. Afunseni mosazungulira ngati amaganiza zodzichotsera moyo, kufunsa sikuika ganizo m'mutu mwa munthu. Kanenani kwa dokotala tsiku lomwelo, chifukwa kukhumudwa kotere nako ndi matenda ndipo kuli ndi chithandizo. Mankhwala onse a m'nyumba, ndi a makoswe omwe, muzisunga ndinu. Pezani mnzawo amene amamukhulupirira, kaya wa kukwaya kaya telala mnzawo, azibwera kudzacheza nawo. Asamakhale okha kuyang'anizana ndi makina ovindikira tsiku lonse.

Luka naye akaonetse kachigamba kake. Mwina ndi mfundu ndithu, mwina chipere, mwina ndi zomwezi. Ngati ndi zomwezi si mapeto a dziko, ambiri amakhala nazo pakhungu pokha mpaka kukalamba, bola azidziwa thupi lake, asasute fodya, asanenepe kwambiri, aziyezetsa shuga ndi bipi. Chachikulu n'chakuti asaphunzire kwa bambo ake kusoka malaya obisa. Amuuze mtsikana wakeyo ukwati usanachitike, ndipo abale a mbali zonse adziwe dzina la matendawa.

Chenjezo langa ndi ili. Amuna anu akamva kupweteka pachifuwa, akamabanika, diso likayamba kuona mwachimbuuzi, khungu likafiira thupi lonse kapena kuchita timatuza ta mafinya, kapena akayamba kusanza ndi kulefuka atadumphitsa timapilisi tija, musaitane nkhoswe, musaitane sing'anga, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo wina aliyense akakukakamizani kuvomera, kumbukirani apongozi anu aakazi, amene anatuluka m'mudzi muja atasenza mlandu wa matenda, n'kufa osaonanso ana awo. Pabanja limeneli mkazi mmodzi analipira kale. Inu mukavomera mukhala wachiwiri, ndipo mudzakhala mwatsegulira njira yakuti tsiku lina chala cha Luka chikadzatupa, mtsikana amene akufuna kumukwatirayo adzamuitanire kuseri kwa nyumba n'kumufunsa kuti amagona kwa ndani.

Kanani, mayi. Pindani malaya a amuna anu, dokotala aone.

Aphungu